Mabisi a Mutinta

Mabisi a Mutinta ndinataya ndine, ndipo mpaka lero iye sadziwa.

Unali mwezi wanga woyamba pa koleji ya zaulimi ku Palabana. Ine ndi Mutinta, mtsikana wachitonga, tinkagona chipinda chimodzi. Tsiku lina ndikusesa ndinapeza chigubu cha mkaka pansi pa bedi lake, mkakawo utagwirana, fungo lili guu. Ndinati wawola uwu. Ndinaukhuthulira m'ngalande, chigubu ndinachitsuka ndi sopo, n'kukhala pansi kudikira zikomo.

Atabwera kuchokera kumakhola, anachinyamula n'kuchigwedeza.

"Tisa, mabisi yanga yayenda kuti? Ba mami ndiye banitumizila pa basi."

Apo m'pamene ndinadziwa kuti mabisi ndi mkaka wosasa, ndipo kwawo n'chakudya chapamtima.

"Kaya, kapena ni baja bamayo bopyanga," ndinayankha, manja anga akununkhirabe sopo.

Bodza limenelo limandichititsa manyazi, makamaka ndikakumana ndi mayi wosesayo. Koma Mutinta yekhayo sindimupepesa. Sabata yotsatira amayi anga anandibweretsera mbewa zowamba kuchokera kwathu ku Kanakantapa. Mutinta anakuwa mpaka atsikana a khonde lonse anabwera kudzaona "makoswe ya Tisa". Ndinakazidyera kuseri kwa thanki yamadzi ngati ndaba.

Aphunzitsi amatiuza kuti tizilemekeza za mitundu ya anzathu. Ine mbali yanga ndachita: mabisi ndimamwa tsopano, makapu awiri, othira shuga. Zoona ndidzamuuza tsiku limene iye adzadye mbewa imodzi, mutu ndi mchira womwe.