Banga la Tadala pa tsaya la alamu

Usiku wathawu ndinalota ndili m'khonde la chipatala, nditanyamula Tadala, mwana wanga wa miyezi isanu ndi iwiri. Kutsogolo kunali alamu anga a Lufeyo, alongo ake a mkazi wanga, mapepala onse ali m'manja mwawo. Ine ndinkangotsatira.

Kuti mumve bwino, Tadala anabadwa ndi banga lofiirira pa tsaya lamanzere. Inenso ndili nalo, tsaya lomwelo. Ndine mkamwini. Malo ndi a kuchikazi, mwana ndi mbumba ya alamu, dzina anapereka ndi iwo. Changa pamudzi paja ndi banga limeneli basi. Aliyense akamuona mwanayo amati ameneyu ndi bambo ake enieni. Koma lake likukula, likuyandikira diso. Alamu anapeza chipatala m'tauni komwe kuli makina ochotsa mabanga ndi kuwala, amati leza. Tsiku anakonza okha. Ine ndinamvera kwa mkazi wanga.

Ndiye m'malotomo tinalowa m'chipinda. Chipindacho chinali shedi yanga yowotcherera zitsulo, koma yopakidwa laimu. Mageti amene sindinamalize anali pomwepo, atafunditsidwa nsalu zoyera. Adokotala anali mayi wamfupi. Anamugoneka Tadala pa tebulo langa n'kumuveka timagalasi takuda. Aliyense anapatsidwa magalasi. Ine ayi.

Kenako anatulutsa makinawo, kachitsulo konga cholembera, kachingwe kumbuyo. Ndinawauza kuti ntchito ya moto ndimaidziwa, ndakalamba ndikuwotcherera, dzanja langa silinjenjemera. Adokotala sanandiyang'ane n'komwe. Anafunsa kuti mwini mwana ndani. Ndisanatsegule pakamwa, mkazi wanga analoza alamu.

Ndiye alamu, munthu woti ngakhale babu sadziwa kusintha, anagwira kachitsulo kaja. Tha. Tha. Tha. Mwana osalira. Ankachita kuseka. Ine ndikangofuna kumupukuta mamina amalira mpaka anthu kusuzumira.

Banga linayamba kumatuka m'mbali ngati chigamba cha pa chubu. Kenako linanyamuka lonse n'kuyamba kuyenda pa tebulo pang'onopang'ono. Ndinatambasula dzanja kuti ndiligwire, ndisunge m'thumba. Linandizemba. Linakwera mkono wa alamu, kudutsa pakhosi, n'kukakhala pa tsaya lawo lamanzere. Ndipo linawakhala bwino. Chimenecho ndiye chinandiwawa.

Kenako tinali pabwalo kunyumba, masana. Tadala atakula, atavala yunifolomu ya sukulu. Nkhope yosalala, maso onse awiri ali bwinobwino. Ndinakondwa, sindinama. Ndinanjuta n'kumuitana. Anandiyang'ana momwe ana amamuyang'anira munthu wobwera kudzakonza geti. Anathamangira kwa alamu n'kuwagwira tsaya.

"Ababa, bambo awa akufuna chiyani?"

"Apatse madzi akumwa azipita," anatero alamu.

Ndinadziyang'ana pa galasi la galimoto yawo. Banga langanso panalibe. Tsaya mbee, ngati la munthu wina. Ndinafuna kumuuza mwana kuti ndine, koma ndinalibe chomuonetsa.

Hutala inalira. Ndinadzidzimuka, kunja kutayera kale. Hutalayo inali yeniyeni. Alamu anali atafika kudzatenga mwana ndi amake, pakuti lero ndi tsiku loyamba la ku chipatala. Akuti adzapitako kangapo banga lisanathe.

Tsono anzanga, inu odziwa maloto, ndiuzeni. Ndi chenjezo, kapena ndi mtima wanga chabe? Diso la mwana ndikulifuna. Sindinaletse ndipo sindiletsa. Koma banga kuchoka pa mwana wanga kukakhala pa munthu wina, zikutanthauza chiyani? Musangoti ndipemphere. Ndiuzeni tanthauzo.

China n'chakuti m'mawamo mkazi wanga anandipatsira Tadala kuti ndimugwirire akukonza nsalu yoberekera. Mwana anatambasula kadzanja n'kundigwira pa tsaya, pabanga penipenipo. Alamu anatsitsa galasi la galimoto.

"Alamu, kutsogolo kuno malo alipo. Tiyeni, mwana wanu ameneyu. Akamalira kumeneko adzafuna inuyo."

Ndinawayang'ana tsaya lamanzere. Panalibe kanthu. Ndinamupereka mwana kwa amake, ndinatenga magalasi anga owotcherera pa msomali, n'kulowera njira ya ku shedi.