Zakuda za a Gracinda pa Ukwati wa ku Lilongwe

Ku Lifidzi, ku Mozambiki, aliyense amawadziwa a Gracinda, ndipo amene anayesapo kukangana nawo amawadziwa bwino koposa. Ndi mayi wamfupi, wa mawu aakulu, mlimi wa nyemba ndi mbatata ya kachewere. Sukulu ya ku mishoni anailekeza panjira nthawi ya nkhondo, banja lawo litathawira ku Dedza. Atabwerako anakwatiwa ndi a Baltazar, kalipentala wofatsa wosadziwa kukweza mawu. Anthu ankawaseka kuti m'nyumba imeneyo tambala ndi mkazi, koma onenawo sanawaonepo awiriwo ali kudimba, akuthirira mbewu uku akuseka ngati ana.

A Baltazar anamwalira nyengo yozizira, chimanga chitangolowa m'nkhokwe. Atawaika m'manda, a Gracinda anavala luto, zovala zolirira malemu. Kwathu kuno mkazi wamasiye amavala zakuda kuyambira duku mpaka nsapato kwa chaka chathunthu, ndipo amavula pokhapokha misa ya chaka itachitika, abale ali pompo. Masiku ano ena amangovala miyezi yowerengeka n'kusiya, ati kukutentha. A Gracinda palibe anawakakamiza. Ankawakonda amuna awo, ndipo analumbira kuti chaka chimenecho awapatsa chonse, osachotsapo ngakhale tsiku limodzi.

Mwana wawo wamwamuna, Emílio, amakonza magalimoto ku Lilongwe, ndipo kumeneko ndi komwe anapeza mbeta, dzina lake Takondwa. Tsiku la ukwati linali litaikidwa kale bambo ake asanadwale, choncho silinasunthidwe. Emílio anatumiza nsalu yachikasu ya maluwamaluwa, yomwe a komiti ya ukwati anasankha kuti amayi a mbali zonse ziwiri asoketse. A Gracinda anaitambasula, anaikoka uku ndi uku, anati ndi nsalu yolimba, n'kumangamo nyemba zoti akapatse asewere awo. M'mutu mwawo munalibe n'komwe zoti munthu wa nzeru zake angayembekeze wamasiye kuvala chikasu chaka chisanathe.

Ananyamuka mbandakucha wa tsiku la ukwati lenilenilo, chifukwa dimba sakanalisiya msanga m'manja mwa anthu aulesi. Shapa, galimoto ya matola ya kwathu, inawatula pa malire, anadinditsa pasipoti, n'kukwera minibasi ya ku Lilongwe. Dziko la Malawi sankalitenga ngati kunja. Chilankhulo n'chimodzi, fumbi n'lomwelo, ndipo anakhalako ali mtsikana. Anatsika ali ndi mfundo ya nyemba pamutu, n'kulunjika kutchalitchi.

Tchalitchi cha mkwatibwi sichinali cha Katolika. Chinali chimodzi mwa zatsopano zija za masipika ndi mipando yapulasitiki. Pakhomo panaima amayi awiri ovala chikasu, ntchito yawo kuyang'ana zovala za akazi anzawo. Wobwera ndi buluku ankamupatsa chitenje, wa mapewa pamtunda ankamufunditsa. A Gracinda anagwedeza mutu kuvomereza, poti nawonso sakonda zoonetsa mawondo m'nyumba ya Mulungu. Iwo mutu, mikono ndi akakolo zonse zinali zophimbika. Ndiye anadabwa kwambiri kuona dzanja likuwatsekera njira.

Wamkulu wa amayiwo anayankhula mwaulemu ndithu. Anati mu mpingo mwawo zakuda sizilowa pa ukwati, zimaitanira tsoka banja latsopano, ndipo abusa analamula choncho. Atamva kuti awa ndi amayi ake a mkwati, anachita kuwomba m'manja kupepesa, kenako maso ake anagwera pa mfundo ija. Anati zakhala bwino, nsalu yake ndi imeneyi, angokhuthula nyembazo mu beseni, adzikulunge, chakuda chisaoneke, alowe.

A Gracinda anatula katundu pansi pang'onopang'ono.

"Mayi, tsoka linabwera kale kwathu, silinadikire kuitanidwa ndi nsalu. Izi ndavalira amuna anga, bambo ake a mnyamata mukumukwatitsayo. Sindingawabise pansi pa maluwa ngati chinthu chochititsa manyazi."

Anthu anayamba kuunjikana. Ena ankanong'ona kuti amayi a ku Mozambikiwa ndi ouma mutu, ena ankati angowalowetsa. Kunena zoona, kwa a Gracinda sizinali zophweka. Ankafunitsitsa kuona mwana wawo akukwatira, ndipo ankadziwa kuti akakhala panja, zimenezo sizidzabwereranso. Koma miyendo sinasunthe.

Wina anathamanga kukaitana Emílio. Anatuluka ndi suti yake yotuwa, thukuta kamukamu, n'kugwira dzanja la amayi ake ndi manja awiri. Anawadandaulira motsitsa mawu kuti angofunda kwa kanthawi kochepa, mwambo ukatha avula, palibe wa ku Lifidzi amene angadziwe. Anati akuchita manyazi pamaso pa apongozi ake.

Amayi ake sankamva n'komwe. Ankayang'ana pachifuwa pa jekete. Kwathu mwana wamwamuna woferedwa bambo amabaya kansalu kakuda pamenepo mpaka luto litatha. Pa jekete la Emílio panali duwa loyera basi. Zimenezi zinawapweteka kuposa zonse zomwe ananena amayi apakhomo aja.

"Emílio, mwana wanga, kodi bambo ako unawasiya pa malire?"

Mnyamatayo anazyolika.

A Gracinda anamasula nsonga ya duku lawo, anailuma ndi mano, n'kung'amba kachidutswa. Anachotsa phini pa bulauzi, anakoka jekete la mwana wawo kuti awerame, poti ndi wamtali ngati malemu, n'kubaya kansaluko pambali pa duwa. Emílio akanatha kubwerera m'mbuyo, koma anaima phee mpaka anamaliza, misozi ili mbwembwembwe.

Kenako a Gracinda anatembenukira kwa amayi apakhomo aja.

"Nayenso wavala zakuda. M'bwezeni ndi iyeyu."

Amayi awiriwo anayang'anizana. M'kati oimba anali atabwereza nyimbo imodzi kangapo, kudikira mkwati. Emílio anatola mfundo ya nyemba, anapatsira mnzake, anagwira amayi ake pamkono, ndipo njira inatseguka yokha.

A Gracinda anayenda pakati pa chikasu chokhachokha mpaka kutsogolo, mutu uli chilili, manong'onong'o akuwatsatira pambuyo. Anakhala pa mzere wa makolo. Pambali pawo, pamalo pa bambo a mkwati, panali mpando wopanda munthu, ndipo bambo wina wa komiti anabwera kuti auchotse, akapatse mlendo amene anaimirira kumbuyo. A Gracinda anaugwira mwamphamvu, n'kumuuza kuti pali munthu.