Mawu aja munandiphunzitsa m'munda wa chimanga

Achimwene, papita zaka zitatu kuchokera pomwe achifwamba anakuphani ndi mfuti pa msewu wa ku Kapondo n'kuthawa ndi njinga yanu yamoto. Dzulo mwana wanu Tadala anabwera ndi buku la Chingerezi, akundifunsa tanthauzo la mawu oti "shoot". Ndinakumbukira tsiku lija tikuyendera munda chimanga chitangomera, ine ndili fomu 2. Munagwada n'kundionetsa kamphukira. "Aka Azungu amati shoot," munatero. "Kuwombera mfuti amatinso shoot. Kodi anthu amenewa mawu anawathera?" Tinaseka mpaka misozi.

Tadala ndinamuuza za mphukira zokha, analemba n'kupita kukasewera. Tanthauzo linalo akalimva kwa aphunzitsi ake. Ine pakamwa panakana, achimwene.