Bawuti Imene Bambo Anga Anamata ndi Phula

Amuna anga anawatenga Lachiwiri m'mawa akupakira usipa m'galimoto. Anabwera anthu atatu, mmodzi atavala jekete ngakhale kunkatentha, nati pali timafunso pang'ono ku boma. Mlandu wake sitinauzidwe. Ena ankanong'ona kuti ananyamula munthu wosayenera pa msewu wa ku Lilongwe, ena ankati pakamwa panawapalitsa mlandu pa doko. Zinali zaka za chipani chimodzi, pamene munthu akatengedwa sunkafunsa kumene ali, kuopa kukamupeza komweko. Pochoka anandiponyera makiyi n'kunena kuti, "Muziiliza Lachisanu lililonse, ingafe."

Galimotoyo inali yakale, ya bokosi kumbuyo, yobiriwira m'malo amene utoto unatsalira. Inkaima pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba yathu, kufupi ndi Senga Bay, kwawo kwa amuna anga kumene ine ndinali mtengwa. Kuyendetsa sindinkadziwa, ndipo mpaka lero sindidziwa. Koma kuliza ndinaphunzira. Batire itafooka ndinkaliza ndi hendulo, chitsulo chokhota chija cholowetsa kutsogolo n'kupukusa mpaka msana kuchita ngati uthyoka. Petulo ndinkapeza wa m'botolo kwa eni maboti a injini, amene ankandipatsira kuseri kwa mathandala oyanikira nsomba, maso ali kwina.

Ndiye Lachisanu lililonse, amuna akamatuluka mu mzikiti masana, ine ndinkapukusa. Injini inkatsokomola kawiri katatu, kenaka n'kubangula, utsi uli tolo, nkhuku kumwazikana. Mudzi wonse unkamva. Palibe ankatchula dzina la amuna anga poyera, koma phokosolo sakanalitseka makutu, ndipo ndivomere kuti zinkandikomera kuwasokosera.

Amene ankalidikira kwambiri anali apongozi anga, mayi awo a amuna anga. Maso awo anali atachita ng'ala. Ankakhala pakhonde la nyumba yawo, patsidya pa bwalo, mutu utapendekeka, kumvetsera mpaka ndizimitse. Dzinja lachiwiri litadutsa popanda kalata kapena uthenga, abale anabwera ndi a shehe. Anati tivomereze, tichite sadaka ya womwalira, ine ndikhale eda, miyezi ija imene mkazi wamasiye amabindikira m'nyumba, kenaka aliyense aone kolowera. Apongozi anawamvetsera mpaka kumaliza, n'kuloza ndi ndodo kumene kunali mango.

"Mwini wake wa galimotoyo anati izilizidwa kuti adzaipeze yamoyo. Tsiku limene idzakhale chete, mudzabwere ndi sadaka yanuyo. Lero pitani."

Ananena pofuna kungowathamangitsa, koma mawu a munthu wamkulu sagwera pansi. Kuyambira tsiku limenelo moyo wa amuna anga unali m'manja mwanga, pa hendulo.

Tsopano ndinene za bambo anga. Iwo anali a ku Lifuwu, mmisiri wokhoma ndi kumata maboti, ndipo m'mbali yonse ya nyanja palibe ankawaposa. Boti lothonya likapita kwa iwo linkabwerako louma ngati nkhokwe. Analinso munthu mmodzi yekha amene sankaopa kubwera pakhomo pathu masana. Tsiku lina atabwera kudzationa anaona timadontho takuda pamchenga, pansi pa galimoto. Anagwada, kukhudza, kununkhiza.

"Chombo ichi chikuthonya, mwana wanga. Bwanji osanena?"

Pansi pa injini pali chibeseni chachitsulo chosungira oyilo, chimene amakaniko amati sampu, ndipo pamimba pake pali bawuti yotulutsira oyilo wakutha. Mpamene pankadontha. Bambo anakwawira pansipo, namasula bawutiyo pang'ono, nakulunga ulusi wa ukonde m'mizere yake, napaka phula lotentha. Kenaka anaveka paipi yaitali ku sipanala n'kumanga ndi mphamvu zawo zonse, mwendo utaponda tayala. Sanalekere pomwepo. Anatenga nyundo n'kusasantha m'mphepete mwake monga amapindira misomali ya boti kuti isadzazukenso. Potuluka anali akumwetulira, mchenga uli m'ndevu. Kudontha kunatheratu. Ine wopusa ndinawaphera nkhuku, n'kuwapatsa ntchafu zonse ziwiri.

Amati tsoka silinunkha. Lathu linkanunkha phula, koma ife tinkati ndi fungo la ntchito yabwino.

Panapita chaka. Amuna anga anali atandionetsa kandodo koyezera oyilo, ndipo ankakonda kunena kuti galimoto imakhululuka zambiri koma osati oyilo woipa. Ndinayamba kuona kuti oyilo wa pa kandodoko wada bii, walemera ngati phala la dzulo, ndipo ukamutikita ndi zala ankamveka timchenga. Injini nayo inayamba kugogoda mkati. Mantha anandigwira. M'chipinda munali chigubu cha oyilo watsopano chimene amuna anga anasiya chosatsegula. Ndinkadziwa kuti wakale amatuluka pansi, watsopano n'kulowa pamwamba, chifukwa ndinkawaona akuchita. Komabe ndinayamba ndapita kwa makaniko wina ku boma, munthu amene kale ankadya pakhomo pathu n'kumanyambita zala. Anandimvera ali chogwada pa injini ya munthu wina, osadzutsa mutu.

"Mayi, ine ndili ndi ana. Musadzabwerenso pano, chonde."

Ndinamutukwana mumtima njira yonse yobwerera, iye ndi ana akewo. Lero ndimamumvetsa, koma kumukhululukira ndinalephera.

Lolemba m'mawa ndinakumba dzenje pamchenga pansi pa injini, poti jeke lokwezera galimoto analibwereka munthu amene sanalibweze. Ndinamanga chitenje molimba, kumanga mpango, n'kulowa chagada ndi beseni ndi sipanala. Masiku amenewo mkazi kuvala buluku unali mlandu, ndiye tangoganizani mayi wa ana awiri akulimbana ndi chitenje kuti chisakwere, mchenga wotentha ukulowa paliponse. Amayi opita kunyanja ndi mbale zawo ankachepetsa liwiro, kuona mapazi anga atatulukira kunja, n'kupitirira osapereka moni.

Ndinaveka sipanala n'kukoka. Bawuti inali nji. Ndinakokanso mpaka kuona nyenyezi usana. Ndinakayikira kuti mwina ndikumangitsa m'malo momasula, ndiye ndinatuluka kukayesera pa chivundikiro cha botolo, n'kubwerera ndili wotsimikiza. Palibe chinasintha. Ndinanyika kansanza m'palafini, kukulunga pa bawutiyo, n'kusiya kuti ilowerere.

Lachiwiri ndinatenga paipi ija ya bambo, imene anaisiya patsindwi. Ndinaveka ku sipanala, kuponda tayala monga anachitira iwo, n'kudzikoka thupi lonse. China chake chinagonja, mtima wanga unadumpha. Koma inali sipanala itaterereka, ndipo dzanja langa linakamenya chitsulo, khungu la pa mfundo za zala n'kusupuka. Nditayang'ana bawuti, ngodya imodzi ya mutu wake inali itadyeka. Munthu wanzeru akanalekera pomwepo. Ine ndinapitiriza ndi ukali, ndikuitukwana ngati ikumva, ndipo pofika masana ngodya zonse zinali zitatha, mutu uli wobulungira ngati batani la malaya. Ndinagona m'dzenjemo ndikulira, oyilo wa zaka ndi zaka akundigwera m'maso.

Apongozi anaitana ali pakhonde pawo. "Amake ana, mukuimenyeranji?"

"Ndikuisintha oyilo, amayi. Ntchitoyi itha msanga."

"Lachisanu ilira?"

"Ilira, amayi."

Lachitatu ndinatumiza uthenga ku Lifuwu, ndipo bambo anafika pa njinga dzuwa lili pamutu. Atamva kuti bawuti yakana, nkhope yawo inawala.

"Eya! Ndikatseka ine pamakhala potseka. Ukafunse aliyense pa doko."

"Ababa, pamenepa ndi potsegula! Amatsegulapo nthawi ndi nthawi kuti oyilo wakutha atuluke."

"Bowo la pansi pa chombo? Munthu n'kumatsegula dala?" Anandiyang'ana ngati ndayamba misala. "Nanga bwanji sunanene tsiku lija, m'malo mondiphera nkhuku?"

Ankanena zoona. Moyo wawo wonse bowo linali mdani. Ine ndinkadziwa ntchito ya bawutiyo, koma tsiku lija ndinangosangalala kuti pakhomo pabwera munthu wamwamuna wogwira chitsulo osanjenjemera.

Anati phula limamvera moto. Ine ndinakana kusonkha moto pansi pa galimoto ya petulo, ndiye tinagwirizana zoika makala oyaka pa chivundikiro cha poto n'kuchigwirizira pa bawuti. Ndinagwira ndine. Phula linasungunuka ndithu, n'kundidonthera pamkono, ndipo chipsera chake ndili nacho mpaka lero. Koma ulusi wa ukonde uja unali utapserera m'mizere kalekale n'kuuma gwa. Tinayesa pulayala, inangotafuna chitsulo. Bambo anagona kwathu.

Lachinayi m'mawa anatulutsa tchizulo ndi nyundo m'thumba lawo. Anasema kamphako m'mbali mwa mutu wa bawuti, n'kuyamba kumenya chopendeketsa kuti izungulire. Ndinagwada panja ndikuwerenga kumenyako. Sampuyo inali yakale, itadyedwa ndi dzimbiri la chinyezi cha kunyanja, koma ife tinkangoona bawuti. Pa kumenya kwina mawu a chitsulo anasintha. Bawuti inagwera m'beseni, ili chimangire, pamodzi ndi chibenthu cha sampu chachikulu ngati chikhatho. Oyilo anakhuthukira bambo kumaso ndi pachifuwa. Anatuluka m'dzenje ali bii, akulavula, ndipo sanandiyang'ane.

"Ndimata," anatero chapansipansi. "Zibowo zoposa apa ndamatapo."

Ndikanakana. Koma mawa lake linali Lachisanu, ndipo panalibe wina woti ndimufunse. Anadula chigamba ku chitini, kuchipinda bwinobwino, kuika nsanza ndi phula lambiri, n'kumangirira ndi waya. Kunena zoona inali ntchito yokongola. Likanakhala boti, bwenzi likuyandama mpaka pano. Tinathira oyilo watsopano yense, chigubu chonse, ndipo pansi sipanagwe dontho ngakhale limodzi.

Ndinapukusa hendulo. Injini inalira, kulira kosalala kumene ndinali ndisanakumve chichokereni amuna anga. Ndinalumphira pampando n'kuponda mafuta, ndikuseka, ndikufuna kuti ngakhale makaniko uja amve ali ku boma. Bambo anali atapita kuseri kukasamba. Palibe anaganiza kuti boti limakhala m'madzi ozizira pamene injini imatentha. Phula linafewa, chigamba chinalekana ndi chitsulo, ndipo oyilo yense anatsikira mumchenga ine ndili pampando, phazi lili pansi. Ndinamva kugogoda, kenaka kukwecha kwa chitsulo pa chitsulo, kenaka zii.

Ndinathamangira kutsogolo n'kugwira hendulo. Siinasunthe. Bambo anabwera akudontha madzi, nayesa ndi manja awiri, nakwerapo ndi phazi. Injini inali itagwirana mkati. Anakhala pansi pamchenga, munthu wamkulu, manja ali m'mutu. Ndinkafuna kuwakalipira, mawu anali okonzeka pakamwa, koma nditawaona atakhala choncho ndinameza mawuwo. Anakwera njinga yawo osadya, ndipo chichokereni tsiku limenelo sanagwirenso boti la munthu.

Apongozi anali atamva zonse. "Lero si Lachisanu," anatero nditawapititsira madzi akumwa. Anamwa, ine n'kubwerera kunyumba kwanga.

Lachisanu linafika ngati masiku ena onse. M'mawa ndinayesanso hendulo, ndikudziwa bwino lomwe. Ndinathira palafini paliponse pamene ndinaona bowo. Ndinapempha Mulungu zinthu zimene munthu sayenera kupempha chifukwa cha chitsulo. Masana ndinamva amuna akutuluka mu mzikiti, akupatsana moni panjira, ndipo ndinaona ena akuchedwa dala pafupi ndi mpanda wathu. Nkhuku zinkangopalasa pansi pa galimoto, pamchenga wakuda uja.

Apongozi anali pakhonde, atavala mpango wawo woyera, mutu utapendekeka monga mwa masiku onse. Ndinapita kukakhala pansi pafupi ndi mapazi awo. Tinakhala choncho nthawi yaitali, mpaka mthunzi wa mango unafika pabwalo. Ndinkayembekeza kuti andikalipira, ndipo zikanandipepukira. M'malo mwake anafufuza dzanja langa, napeza pamene panasupuka paja, nasisita pang'onopang'ono ndi chala.

"Mwayesetsa, mwana wanga," anatero. Aka kanali koyamba kunditchula choncho. Kenaka anawongola mutu. "Pitani mukawauze a shehe kuti abwere."

Ndinawauza kuti ndi chitsulo chabe, kuti injini ina imapezeka, kuti amuna anga sakudziwa n'komwe zimene zachitika pano. Anangopukusa mutu. Ndinadzuka n'kupita, ndipo njira yonse anthu amene anakhala zaka zitatu osandipatsa moni ankandipatsa moni.

Sadaka tinachita, eda ndinakhala. Amuna anga sanabwere, ngakhale pamene zinthu zinasintha m'dziko ena n'kuyamba kutuluka. Tsiku limene anamwalira sindilidziwa, ndipo palibe anabwera kudzandiuza. Ndimangodziwa tsiku limene mayi awo anasiya kuwadikira, ndipo phazi limene linali pa mafuta linali langa.