Telala Amene Anabwezera Mwamuna Wake pa Msewu

Inu amene mwadzuka lero mtima uli pansi, khalani kaye pang'ono mumve za mayi wina, telala, ndi mwamuna wake.

M'mawa wina mayiyu analowa kuchipinda ndi kapu ya tiyi. Anapeza mwamuna wake atagona choyang'ana kukhoma, monga dzulo, monga dzana. Panali patatha miyezi isanu chimudulireni mwendo wakumanja. Bamboyu anayendetsa mathiraki zaka makumi awiri ndi zitatu osagundapo ngakhale nkhuku. Ngozi inamupeza ali pansi, akusintha tayala m'mbali mwa msewu, galimoto ina itaphonya njira m'chifunga.

"Bambo, tiyi uyu."

"Mayi," anatero bamboyo osatembenuka, "inu mukadali ndi mphamvu. Pitani kwanu. Musamalize zaka zanu mukusamala theka la munthu."

Mayiyu anaika kapu pa mpando, natuluka. Anakakhala pa makina ake osokera n'kuyamba kupalasa popanda nsalu, kuti phokoso la makinawo libise kulira kwake.

Ndodo zoyendera zinali kuseri kwa chitseko, zikadali m'pulasitiki. Adokotala anali atanena mosabisa kuti bala lapola, koma munthuyu akapanda kudzuka, mwendo wotsalawo uuma nawonso. Abale anabwera, anzake a pamsewu anabwera, aliyense ndi mawu ake olimbikitsa. Onse analankhula ndi msana wake.

Tsiku lina mayiyu anakapereka makatani kwa kasitomala wake, namwino wina. Ali pa mpando kukoloweka makataniwo, anamva kulira kwa injini ya thiraki m'nyumba momwemo. Atacheuka anaona namwino uja ali pa kompyuta, akuyendetsa thiraki pa sikirini. Zonse zinalipo: chiwongolero, magalasi oonera kumbuyo, msewu wautali, mvula ikuwaza pa galasi.

"Ndi masewera chabe, amayi," anatero namwinoyo akuseka. "Ndikatopa ndi odwala ndimanyamula katundu."

Mayiyu anaiwala makatani. Kunyumba kunali laputopu yakale imene mwana wawo wamkazi anasiya pokwatiwa. Mawa lake anainyamula, ndipo namwino uja anamuikiramo masewerawo.

Mayiyu anakaiika pa bedi, pafupi ndi mwamuna wake, naiyatsa. Koma thiraki ya pa laputopuyo inkayenda modumphadumpha. Iime, idumphe, iimenso, mitengo ikuoneka ngati makatoni. Bamboyu anatembenuza khosi, nayang'ana pang'ono.

"Imeneyo yafa injini," anatero, nabwerera kukhoma.

Wina akanakhumudwa. Koma mayiyu anatuluka ndi chiyembekezo. Munthu uja watembenuka! Miyezi isanu, ndipo chimene chamutembenuza ndi thiraki yodwala. Nanga itachira?

Pansi pa masitepe a nyumba ina ya mashopu panali kachipinda ka mmisiri wokonza makompyuta, bambo wachikulire amene aliyense ankawatchula kuti a Fyuzi chifukwa sankachedwa kupsa mtima. A Fyuzi anaitembenuza laputopu ija uku ndi uku.

"Mayi, apa mwamangirira ngolo ya thiraki ku njinga yamoto. Chimene chimajambula zithunzi za masewera ndi khadi la zithunzi. La muno ndi laling'ono, komanso analimatirira, silichoka."

"Ndiye palibe chochita?"

"Chilipo. Mumatenga khadi lalikulu la kompyuta ya pa desiki, n'kulikhazika panja. Mumatsegula laputopu, kuzula kakhadi ka wayifayi, n'kulowetsa chingwe pamalo pake. Khadilo mumalipatsa bokosi lakelake la magetsi, ndipo zithunzi mumazitulutsira pa tivi. Koma ine sindichita. Ntchito yake ndi ya tizinthu ting'onoting'ono, ndipo siimva. Pitani."

Mayiyu sanapite. Anaima pakhomo n'kumaona a Fyuzi akulimbana ndi kasikuluwu kakang'ono ngati njere ya mchenga. Zala zawo zinkanjenjemera. Kanagwa kamodzi, kanagwa kawiri. Kachitatu mayiyu anawerama, nakatola, nakakhazika pabowo pake, n'kukamanga.

A Fyuzi anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. "Mumagwira ntchito yanji?"

"Ndimalowetsa ulusi pa singano kambirimbiri pa tsiku, amisiri."

Anagwirizana pomwepo. Mayiyu azibwera m'mawa uliwonse kudzawabwereka manja, ndipo iwo amuphunzitsa. Khadi lakale linalipo m'dilowa, fumbi lokhalokha, lokhala ndi mafani awiri ngati maso a kadzidzi. Bokosi la magetsi analizula m'kompyuta yakufa. Chingwe chokha ndiye anachita kuitanitsa, ndipo chinatenga milungu itatu.

Milungu itatu imeneyo mayiyu ankakhala pa benchi ya a Fyuzi m'mawa, masana n'kubwerera ku madiresi a anthu. Anaphunzira kugwira chitsulo asanakhudze zam'kati, kuti magetsi a m'thupi asaphe kanthu. Anaphunzira kuika masikuluwu m'mizere pa nsalu yoyera monga ankachitira ndi mabatani. Anakalipiridwa mosawerengeka. Matelala anzake ankamuseka: "Achemwali, mwasiya masiketi mwayamba mawaya? Mudzatisokera diresi loyaka nyali!" Iye ankangoseka nawo.

Chingwe chitafika, a Fyuzi anamukankhira laputopu ija. "Ndi yanu. Tsegulani nokha."

Anatsegula. Anamasula timawaya tiwiri ta wayifayi, topyapyala ngati tsitsi, nazula kakhadiko. Analowetsa chingwe chija, nadula kampata pa chivundikiro chapansi kuti chitulukirepo, mowongoka ngati podula kolala. Analumikiza zonse, nayatsa.

Sikirini inangoti bii.

Anamasula, nabwereza. Bii. Tsiku limenelo linapita, lotsatira linapitanso. Tsiku lachitatu ndi pamene anazindikira kuti ayenera kuyamba wayatsa bokosi la magetsi, kudikira mafani azungulire, kenako laputopu. Tivi inawala. Koma masewera anakana kutseguka.

"Ikufuna madalaivala," anatero a Fyuzi.

"Dalaivala ndiye ndili naye kunyumba, amisiri. Wagona."

A Fyuzi anaseka mpaka kutsokomola, ndipo anthu oyandikana nawo anasuzumira, poti sanawamvepo akuseka. Kenako anafotokoza kuti madalaivala ake ndi timapulogalamu touza laputopu mmene ingalankhulire ndi khadi lachilendolo. Oyamba anakana. Achiwiri anazimitsa makina. Achitatu anagwira, ndipo thiraki inanyamuka myaa, ngati pa tala watsopano.

Mayiyu ananyamula zonse m'dengu la nsalu, nakazikonza pabalaza, pa tebulo lodulirapo, pafupi ndi tivi. Sanazilowetse kuchipinda. Anangosiya chitseko chotsegula, nakweza mawu a tivi. Ndipo poti ndi telala, khadi lija analisokera kachovala kokongola ka maluwa kuti lisalowe fumbi.

Anayamba kuyendetsa yekha. Anagunda chikwangwani, nakwera pa kapinga, nalowa mbali ya eni ake. Magiya ankalira momvetsa chisoni. Kuchipinda kunali zii. Patapita kanthawi, mafani anayamba kulira mwachilendo, kafungo kotentha kanamveka, ndipo tivi inazima.

Mayiyu anagwira kumutu. Milungu yonse ija! Anakhala pansi, misozi ili chuchuchu, osadziwa ngati khadi lapsa.

Ndiye anamva pulasitiki ikung'ambika kuseri kwa chitseko. Kenako: go. Go. Go.

Mwamuna wake anatulukira pa ndodo, thukuta lili kamukamu, ndevu zosameta, thalauza litapindidwa mbali imodzi. Anayang'ana pa tebulo, nanunkhiza.

"Mayi, ndani anakuuzani kuti injini amaifunditsa bulangeti?"

"Ndimaopa fumbi, bambo."

"Chotsani msanga, ipume. Ndiponso magiya amene mumasintha aja, ine ndimamva kuwawa kuchipinda konse."

Mayiyu anavula kachovala kaja, akuseka ndi kulira nthawi imodzi. Anadikira khadi lizizire, awiriwiri. Atayatsanso, mafani anazungulira bwinobwino. Iye anakoka mpando, ndipo bamboyo anakhala.

Zala zake zinali zazikulu, mabatani a laputopu aang'ono. Anadandaula, nanyoza, nati thiraki siyendetsedwa ngati taipi. Koma sanadzuke. Pofika madzulo anali atabweza ngolo chambuyo n'kuilowetsa pakati pa makontena awiri osakhudza. Kenako anati, "Kodi m'nyumba muno muli chakudya?" Tsiku limenelo anamaliza mbale.

Patatha mwezi a Fyuzi anapeza chiwongolero cha masewera chakale, chothyoka pokhalira. Mayiyu anachikonza, nachimangirira ku tebulo, n'kusintha kuti moto ndi mabuleki zikhale pa timabatani ta kuseri kwa chiwongolero, pofika zala. Bamboyo anachigwira ndi manja onse awiri. Kenako anasuntha mpando wina n'kuuika pambali pake.

"Kwerani, mayi. Zaka zonse zija ndinkakusiyani pakhomo. Lero tipitire limodzi."

Mayiyu anakwera. Anayenda ulendo wa maola awiri pabalaza pawo, bamboyo akumuonetsa mmene amawerengera phiri lisanafike, mmene amamvera katundu kumbuyo, zimene ankaganiza m'misewu yaitali ija. Zambiri mwa izo mkazi wake anali asanazimvepo.

Mbiri inamveka. Woyandikana nawo nyumba, bambo amene analephera katatu mayeso a laisensi ya thiraki pa nkhani yobwerera chambuyo, anabwera kudzaona. Anakhala pa chiwongolero chija milungu iwiri, akudzudzulidwa ngati mwana wa sukulu. Kachinayi anakhoza. Anabweretsa mnzake, mnzakeyo anabweretsa ena awiri. Pasanathe chaka, mwini sukulu ina yophunzitsa kuyendetsa anafika yekha pakhomo kudzapempha kuti bamboyu aziphunzitsa kumeneko, ophunzira asanakwere thiraki yeniyeni.

Kuti azifika kuntchito, anavomera mwendo wochita kupanga umene ankaukana kale. Unamutupitsa, unamugwetsa kangapo pakhonde. Anadzuka.

Mkazi wake ndiye analumikiza makina atatu ophunzitsira a kusukuluko. Lero benchi ya a Fyuzi ili ndi mipando iwiri, ndipo achinyamata okonda masewera akabwera ndi malaputopu awo ofooka, a Fyuzi amangoloza ndi chibwano: "Kaonaneni ndi atelala."

Sindikunamizani kuti zonse zinakhala bwino. Mwendo sunamere. Alipo masiku amene bamboyu amamva thiraki yeniyeni ikudutsa pa msewu n'kukhala duu, osafuna kulankhulitsidwa. Masiku oterowo mkazi wake samuuza mawu ambiri. Amangokhala naye pafupi mpaka zidutse.

Mwina nanunso muli ndi wanu amene wafooka, ndipo mawu onse mwamaliza. Mwina wofookayo ndinu. Mayiyu sankadziwa kanthu za makompyuta, ndipo zaka zake zinali zoti ena akanati kuphunzira kunadutsa. Anangoona kanthu kamodzi kamene kanatembenuza khosi la munthu wake, nakakakamira mpaka kanatheka. Yang'anani bwino, kanu kaliponso. Mukakapeza, kaphunzireni, ngakhale akusekeni, ngakhale kakane lero ndi mawa.

Mtima wanuwo musautaye. Dzukani, muyesenso.