Chimbale Chimene Alamu Anabwereka

Mboni ndizitchuliretu nkhani isanayambe. Yoyamba ndi mkazi wanga, nesi, amene adzakana theka la zimene ndinene pano. Yachiwiri ndi mzungu wokhala pansi pa fulati yathu ku Barking, kuno kudziko la azungu, amene amagogoda denga ndi tsache ndikatsegula nyimbo. Yomaliza ndi alamu anga a ku Thamesmead, m'mphepete mwa mtsinje, achimwene ake a mkazi wangayo, omwenso ndi oimbidwa mlandu.

Ine ndimatolera zimbale za galamafoni za nyimbo za rock za kum'mwera kwa America, za anyamata andevu aja amene amaliza magitala onse pamodzi ngati sanagwirizane woti ayambe kusiya. Sinditola chilichonse. Ndimafuna zoyambirira, zimene zinatuluka nyimbozo zitangojambulidwa, osati zopanganso masiku ano. Choyambirira chimadziwika ndi timanambala tozokotedwa pafupi ndi bowo la pakati, komanso fungo la chikuto, longa la nyumba imene sanaitsegulepo mawindo. Chimbale chabodza ndimachinunkhiza ndili pa siteshoni, icho chikudutsa m'sitima ya District. Izi n'zoona.

Chimene ndimachikonda kuposa zonse ndinachipeza pamsika wa zinthu zakale ku Wembley, m'katoni ya nthochi. Chikuto chake chinali chong'ambika pakona, ndipo panyimbo yachitatu singano inkalumpha gitala ikangoyamba kulira.

Lamulungu lina titaweruka kutchalitchi alamu anabwera kudzacheza. Analunjika pa shelefu, n'kudumpha zimbale zina zonse, n'kusolola chomwecho. Awa ndi munthu amene amati nyimbo zimenezi sazidziwa.

"Alamu, ichi ndibwerekeko," anatero. "Anzanga kuntchito akamve zimene mumasokosera nazo azungu."

Mlamu sum'kaniza chinthu mlongo wake ali pomwepo akukuyang'ana. Ndinati tengani. Ndinawaperekeza mpaka pokwerera basi, maso anga ali pa jumbo imene anaikamo chimbalecho.

Panadutsa miyezi. Kuitanitsa sindikanatha, chifukwa kukumbutsa mlamu chimene anabwereka n'chimodzimodzi kumutcha wakuba. Ndinkangowaimbira foni kufunsa za ana, za bondo lawo, za mphepo ya kumtsinje kwawoko, n'kudikira kuti atchule okha. Sanatchule. Ndinaonda mpaka kuboola lamba. Izinso n'zoona.

Tsiku lina anabwera nacho. Chonyezimira, chili m'pulasitiki, chikununkhira sitolo.

"Ichi si changa, alamu," ndinatero.

"Ndi chanu. Chija chinali chotha ntchito. Ndikanabweza bwanji chinthu chong'ambika kwa mwamuna wa mlongo wanga? Anthu akanati ndang'amba ndine. Ndakugulirani chatsopano, ndipo ichi sichilumpha."

"Thokozani, bambo," anatero mkazi wanga.

Ndinathokoza. Kwathu chobwereka suchibweza chili chonyansa, zimenezo ndikudziwa. Koma ndikudziwanso kuti alamu ali ndi foni, ndipo foni imauza munthu aliyense mtengo wa chimbale chakale.

"Nanga chakalecho chili kuti?"

"Chilipo penapake."

Sabata imeneyo ndinayendera masitolo a zinthu zakale, ndikununkhiza makatoni mpaka mwini sitolo wina anandifunsa ngati ndikufuna madzi akumwa. Lamulungu lotsatira alamu analowa m'tchalitchi atavala nsapato zatsopano. Ulaliki wa tsikulo sindinaumve.

Tili m'njira ndinati kwa mkazi wanga, "Mayi, bwanji muwafunseko achimwene anu za chimbale chija."

"Mukuti achimwene anga ndi akuba?"

"Ayi. Ndikuti nsapato zawo n'zokongola."

Sanaimbire achimwene ake. Anaimbira akazi awo, ndipo nkhani imene ine ndinaondera inatha ketulo isanawire. Chimbale chinali mu diramu la katundu wopita ku Malawi, pakati pa sopo ndi majuzi, ndipo diramulo linali litatsala pang'ono kutsekedwa. Alamu akuti anaona kuti kutaya chinthu n'kulakwa, kumudzi wina angachipezere ntchito. Ntchito yanji, sananene. Kumudzi kwawoko galamafoni yomaliza inafa ine ndisanamere ndevu.

Anabwera nacho Loweruka masana. Chikuto anali atachimata selotepi yabulawuni mbali zonse.

"Kuti musachite nacho manyazi alendo akabwera," anatero.

Kwa wotolera zimbale, selotepi pachikuto ili ngati utoto wa khoma pa suti yaukwati. Ndinayang'ana timanambala tija, tinalipo. Ndinanunkhiza, fungo linali la sopo wa mu diramu. Munthu wochenjera akhoza kupeza chimbale china chakale n'kuchigoneka pa sopo. Ndinachiika pa galamafoni, tonse tili chiimire. Nyimbo yoyamba inatha, yachiwiri inatha. Yachitatu, gitala itangoyamba kulira, singano inalumpha. Pansi mzungu uja anagogoda denga.

"Mwamva nokha, n'chowonongeka," anatero alamu, koma maso awo anali pa shelefu, pa chimbale china choyambirira.

Ndinakaima kutsogolo kwa shelefuyo, ndipo sindinachokepo mpaka anatsanzika.