Mimba ya Madzi

Chizindikiro choyamba chinali zipi ya siketi. Linali Lachinayi m'mawa, mwezi wa Novembala, masiku atatu chindichotsereni mazira ku kiliniki, ndipo siketi imene ndinavala bwinobwino sabata yapitayo inakana kutseka. Ndinagona chagada pabedi n'kukokanso, koma ayi ndithu. Ndinavala diresi lotaya n'kupita kuntchito, ndikudziuza kuti ndi mpweya chabe.

Ndifotokoze kaye za mazirawo. Ndili ndi zaka 39, ndimakhala ndekha ku Oadby, kuno kutsidya kwa nyanja, ndipo sindinakwatiwepo. Kudikira ndinadikira, mpaka ndinatopa nako. Nditaona kuti zaka zikundithera, ndinaganiza zokhala ndi mwana pandekha. Kuno zimatheka: kiliniki imakupezera umuna wa munthu amene anaupereka mwa kufuna kwake, woyezedwa matenda, ndipo mwanayo akakwanitsa zaka 18 atha kudziwa dzina la munthuyo. Anthu akuda opereka ndi ochepa, choncho ndinadikiranso miyezi yambiri. Ndinayamba ndi njira yapafupi yongoika umunawo m'chiberekero, kawiri konse osaphula kanthu. Kenako ndinalowa IVF. Umadzibaya jakisoni pamimba tsiku ndi tsiku kuti mazira akhwime ambiri, iwo n'kuwachotsa kukawakumanitsa ndi umuna kunja kwa thupi. Anga anakhwima ochuluka kuposa mmene ankayembekezera. Dokotala anati mwezi umenewo sabwezera kanthu m'chiberekero, aumitsa kaye mazirawo m'firiji, ndipo anandipatsa pepala la zizindikiro zoopsa ndi nambala yoti ndiimbe. Pepalalo ndinalibisa pansi pa zovala, kuopa kuti mlendo angalione.

Panalibe Mmalawi ndi mmodzi yemwe amene ankadziwa zimenezi. Wondinyamula pagalimoto tsiku lochotsa mazira anali mnzanga wa kuntchito, mzungu wosadziwana ndi aliyense wa kutchalitchi kwathu.

Lachisanu ndinayamba nseru ndi kusanza. Loweruka kunali phwando lolangiza mtsikana wina amene ankakwatiwa, kunyumba kwa azakhali anga aNambewe ku Corby. Iwowa ndi mlongo wa malemu bambo anga, amagwira ntchito ya mashifiti m'nyumba zosungiramo katundu, ndipo ndi m'bale wanga yekhayo m'dziko lino. Kujomba kukanabweretsa mafunso, choncho ndinapita. Pa nthawiyo mimba inali itatuluka ngati ya miyezi isanu. Azimayi amene ankandipatsa moni ankayang'ana pamimba, osati kumaso.

Azakhali anandikokera kuchipinda n'kutseka chitseko.

"Thoko, usandinamize. Ndiwe wodwala?"

"Eya, ndikudwala," ndinatero.

Ine ndinkanena kudwala kwa matenda. Iwo ankanena kudwala kuja kumene timanena mwaulemu mkazi akakhala ndi pakati. Ndinazindikira pomwepo kuti tasemphana, koma sindinawawongolere. Kuvomera mimba ya mwamuna wothawa kunandionekera kopepuka kusiyana ndi kuulula kuti ndinakatenga umuna wa munthu wosamudziwa ku kiliniki. Anafunsa mwini wake wa mimbayo, ine n'kulizemba funsolo. Anausa moyo n'kunena kuti, "Tidzakamba. Kusanzako ndi momwemo, kutupako ndi momwemo. Matenda amenewa sathamangira nawo kuchipatala, mwanawe. Uzitafuna jinja."

Sindikuwaimba mlandu. Analangiza bwino matenda amene ndinawauza. Chondichititsa manyazi n'chakuti inenso ndinawamvera, ndikudziwa bwinobwino kuti m'mimbamo mulibe mwana. Ndinkafuna munthu wondiuza kuti palibe vuto, ndipo ndinamupeza.

Lamulungu mkodzo unachepa, n'kuda ngati tiyi wopanda mkaka. Ludzu linalipo koma madzi ndikamwa ankabwerera. Pa sikelo ndinali nditakwera makilogalamu anayi m'masiku ochepa chabe. Lolemba m'mawa ndinalephera kukwera masitepe a m'nyumba mwanga. Ndinakhala pa sitepe yachitatu ndikupuma mwabefu, ndipo mantha anandigwira zenizeni, poganiza kuti ndikafera pamenepo adzandipeza ndi anthu a kuntchito. Ndinakwawa mpaka pamene panali pepala lija. Chilichonse chimene ndinkamva chinalembedwapo. Nditaimba nambala ija, nesi wa ku kiliniki anangomva mmene ndinkalankhulira n'kundiuza kuti ndidule foniyo ndiitane ambulansi.

Kuchipatala anandijambula n'kutenga magazi. Dokotala anafotokoza kuti mankhwala aja anadzutsa mabasiketi a mazira mopitirira muyezo, ndipo madzi ankatuluka m'mitsempha n'kudzaza m'mimba, ena mpaka pansi pa mapapo. Magazi otsalawo anali atalemera moti akanatha kuundana, ndipo impso zinali zitayamba kuvutika. Anandifunsa kuti ndinayamba liti kumva choncho. Nditati Lachinayi, anangolemba, koma ndinamva manyazi ngati andikalipira.

Kenako nesi anafunsa za wachibale woti amudziwitse. Ndinatchula nambala ya azakhali.

Anafika madzulo ake asanavule n'komwe jekete la kuntchito, atanyamula zitenje ziwiri. Anapeza ndili pa dilipi, paipi ya mkodzo ili m'mbali mwa bedi. Asanandipatse moni anafunsa nesi m'Chingerezi ngati mwana ali bwino. Nesiyo anandiyang'ana ine, n'kukoka katani, n'kutisiya awiri.

"Azakhali, mulibe mwana umu. Muli madzi."

Ndinawauza zonse, mawu awiri n'kupuma, mawu awiri n'kupuma. Sanandidule. Nditamaliza anati, "Iwe ndi ine ndife aNambewe chifukwa cha bambo. Nanga wa m'botolo ameneyu adzakhala wa mfunda wanji?" Anaika zitenje zija pampando n'kutuluka. Ndinalira, abale, kulira kwake kopanda mpweya wolirira.

Ndinakhala m'wodimo masiku asanu ndi anayi. M'mawa uliwonse ankandikweza pa sikelo, kuyeza mimba ndi tepi ngati telala, n'kutenganso magazi. Madzi aliwonse amene ndamwa ndi mkodzo uliwonse ankaziyeza. Ankandibaya jakisoni woletsa magazi kuundana ndi kundiveka masokosi othina. Kugona chagada kunali kosatheka, ndinkakhala chotsamira. Tsiku lachitatu anandiika kapaipi m'mbali mwa mimba, ndipo madzi achikasu anayamba kutsikira m'thumba pang'onopang'ono. Masana a tsiku limenelo ndinakoka mpweya mpaka pansi, koyamba m'sabata yathunthu.

Azakhali anabweranso tsiku lachinayi. Nkhani ija sanaiyambe. Anandipukuta msana, kundidzoza mafuta m'miyendo, n'kumasula tsitsi langa limene linali litapotana. Atatsala pang'ono kupita anati, "Chondipweteka si botolo lakolo. Ndinakuuza ndi pakamwa panga kuti usapite kuchipatala. Ukanafa, ine ndikanati chiyani kwa mchimwene wanga kumandako?" Mawu amenewo amandipwetekabe kuposa singano zonse zija. Akuluakulu amati ukabisa matenda maliro tidzamva, ndipo ine ndinatsala pang'ono kuwasenzetsa azakhali maliro amene sanawapalamule.

Tsiku lotuluka azakhali anatenga foni kuti adziwitse azimayi a kutchalitchi amene anamva kuti ndagonekedwa. Analemba kuti "Thoko wachira," kenako chala chinaima. Kwathu mkazi wapakati akachira ndiye kuti wabereka, ndipo azimayi aja, amene anaona mimba yanga ku Corby, akanayamba kufunsa kuti ndi mwana wanji. Anafufuta n'kulemba kuti ndatuluka m'chipatala, ndikupeza bwino.

Papita miyezi inayi tsopano. Impso zili bwino, mpweya uli bwino, siketi ija ikutseka. Kutopa kunanditenga milungu ingapo, ndipo mpaka lero ndikaona jakisoni mtima umagunda. Ku kiliniki kuli mazira anga anayi okumana kale ndi umuna, owumitsidwa, akundidikira. Dokotala akuti kubwezera limodzi sikufuna mankhwala amphamvu ngati oyamba aja, koma sanandilonjeze kuti zidzatheka. Kutchalitchi ena akunong'onezana kuti ndinapita padera, ndipo sindinapezebe mphamvu zowawongolera. Azakhali sanavomereze njira yangayi. Funso la mfunda lija amalibwereza, ndipo ine ndilibe yankho mpaka pano.

Kwa inu amene mukuyenda njira imeneyi nokha, matendawa sagwira aliyense, ndipo ambiri amangotupa pang'ono n'kuphwa. Koma mimba ikamakula mofulumira, mkodzo ukachepa, kusanza kukakana kuleka kapena mpweya ukamavuta, imbani foni tsiku lomwelo, musadikire Lolemba ngati ine. Pepala lija muliike poonekera. Ndipo uzani munthu mmodzi zoona zake zonse, ngakhale munthu woti akalipa.

Sabata yatha kiliniki inatumiza fomu yofunsa amene adzandiperekeze tsiku lobwezera dzira. Azakhali anali kwanga. Anailanda, n'kuiwerenga mochedwa atakwinya nkhope, kenako anapempha cholembera.

"Sindinavomere ayi," anatero akulemba dzina lawo. "Koma ukadzadwalanso, kaya kudwala kwake ndi kuti, undiuze m'Chichewa chomveka."